Nkhope ya Timadontho Khumi ndi Kamodzi

Nditamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre ndinkaganiza kuti ntchito idzandifunafuna yokha. Ndinadikira chaka chathunthu, makalata ofunsira ntchito akungopita osabwerako yankho. Pamapeto pake amalume anandiitana ku Balaka kuti ndiziwathandiza pa situdiyo yawo yojambula zithunzi, kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, pakati pa telala ndi wogulitsa zipangizo za njinga. Ndinapita nditakwinya nkhope. Munthu wa dipuloma kumadula zithunzi ndi sizasi, ndinkaona ngati dziko landilakwira.

Kompyuta ya pasitudiyopo inali nkhalamba yeniyeni. Amalume anaigula yakale kale, ndipo ukaiyatsa inkayamba yabuula kaye isanavomere kugwira ntchito. Ntchito yathu yambiri inali yochepetsa zithunzi. Anthu masiku ano amajambulana okha pafoni, kenako n'kubwera ndi memori khadi kuti tiwachepetsere chithunzicho chikwane pafomu. Pulogalamu imene ndinaipeza m'kompyutamo inkachedwa moti munthu unkatha kupita kumsika, kukagula chinangwa chootcha, n'kubwera kudzapeza idakalimbana ndi chithunzi chachitatu. Magetsi a ku Balaka nawo sapangana ndi munthu. Ankathima ntchito ili pakati, anthu ali pamzere mpaka pakhonde la telala, onse maso ali pa ine ngati ndine ndawazimitsa.

Nyengo yovuta kwambiri inali yolembetsa ana mayeso. Aphunzitsi ankabwera kuchokera kutali, ena ku Ulongwe, ena kutsidya kwa Shire, aliyense ndi khadi lodzaza nkhope za kalasi yonse. Onse ankafuna tizithunzi ting'onoting'ono, topepuka, toti titumizike pafoni ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo onse ankafuna kupeza minibasi yobwerera dzuwa lisanapendeke. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo kompyuta ija inkadziwa pondiputira. Tsiku lina ndinaimenya mbama pambali, amalume n'kundiyang'ana n'kunena kuti, "Imeneyo ndi imene ikukudyetsa, mphwanga." Tsiku lomwelo ndinatsimikiza zolemba pulogalamu yangayanga.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa tsoka langa lonse lili m'menemu. Chithunzi cha pakompyuta ndi timadontho tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere, kalikonse ndi mtundu wake. Pochepetsa chithunzi sungangotola kadontho kamodzi n'kutaya tinzake, nkhope imatuluka yokhakhala. Chimene umachita n'chakuti kadontho katsopano kalikonse umakapanga posakaniza timadontho takale toyandikana, tapafupi kwambiri n'kutipatsa gawo lalikulu, takutali gawo laling'ono. Magawo amenewa ndi amene timawatcha sefa. Kusakanizako ndi masamu a kuchulukitsa ndi kuphatikiza basi, koma amachitika kambirimbiri, kadontho ndi kadontho, mpaka chithunzi chonse chithe. Pamenepa ndi pamene kompyuta yathu inkafera.

Pulogalamu yanga yoyamba inkatenga kabwalo ka timadontho sikisi m'litali ndi sikisi m'lifupi, ndiye kuti kuchulukitsa ka 36 kuti papezeke kadontho kamodzi. Kenako ndinazindikira kuti ndikhoza kusakaniza chopingasa kaye, mzere ndi mzere, n'kudzasakaniza chotsika pambuyo pake. Chithunzi chinkatuluka chomwecho, koma kuchulukitsa kunatsika kufika pa 12. Ndinaonanso kuti magawo a sefa ndinkawawerengera mobwerezabwereza pamzere uliwonse chikhalirecho sasintha, ndiye ndinawawerengera kamodzi n'kuwasunga pambali kuti pulogalamu izingowayang'ana. Manambala a madesimali, amene nkhalamba ija inkawatafuna movutika, ndinawachotsa n'kuika athunthu okhaokha. Sabata iliyonse ndinkapeza pena podula. Ndinkaika foni patebulo n'kumayeza masekondi, ndipo akatsika ndi awiri okha ndinkasangalala ngati ndakhoza mayeso.

Masamu anafika pothamanga moti chochedwetsa chinatsala chimodzi. Kunali kukopera zithunzi kuchoka pakhadi kupita m'kompyuta, kuzichepetsa, n'kuzibwezeranso pakhadi, limene nthawi zambiri linkakhala lodzaza kale ndi nyimbo, lopanda malo oikapo chatsopano. Ndiye ndinachita chimene ndinkachiona ngati nzeru zoposa zonse. Ndinaiuza pulogalamu kuti izitenga zithunzi zonse zimene yazipeza pakhadi, izichepetse, n'kulemba chaching'onocho pamalo penipeni pamene panali chachikulu. Batani limodzi, kalasi yonse yatha. Aphunzitsi sankadandaula, poti zithunzi zazikuluzo analibe nazo ntchito.

Amalume anaphunzira kujambula nthawi ya mafilimu, ndipo pansi pa tebulo lawo panali makatoni a manegetivu a anthu amene ena mwa iwo anamwalira kalekale. Nditawaonetsa liwiro la pulogalamu yanga anagwedeza mutu mokhutira, kenako anafunsa kuti, "Nanga negetivu yake imakhala kuti?"

Ndinaseka. Ndinawauza kuti za manegetivu zinapita ndi nthawi yawo, masiku ano aliyense ali ndi zithunzi zake pafoni.

"Chabwino," iwo anatero. "Ophunzira ndinu." Anabwerera kukapukuta kamera yawo.

Mayi amene ndikufuna kunena za iwo anabwera tsiku lotero, mzere uli mpaka panja. Anali a kufupi ndi Nayuchi, ogulitsa mpunga, ndipo ankabwera ku Balaka pasitima ndi matumba awo. Anavala mpango wophimba mutu ndi mapewa, kumbuyo atabereka khanda. Anamasula khadi pamfundo ya chitenje n'kunena kuti muli chithunzi cha mng'ono wawo amene ankalembetsa mayeso, aphunzitsi akuti chichepetsedwe. Sindinawayang'ane n'komwe kumaso. Ndinalowetsa khadi, n'kudina batani langa lija, masekondi angapo zatheka. Ndinawabwezera khadi n'kuitana wotsatira.

Panapita miyezi yoposa isanu ndi umodzi asanabwerenso. Linali tsiku lopanda anthu, amalume atapita kukajambula ukwati. Analowa n'kukhala pabenchi, mwana uja tsopano ali pamiyendo, wamkazi, akutafuna ngodya ya mpango wa mayi ake.

"Achimwene, mukundikumbuka?"

Ndinanama kuti eya.

Anandifotokozera modekha, ngati nkhani ya munthu wina. Amuna awo anapita ku Joni iwo ali ndi pakati. Anagwira ntchito kumeneko chaka chimodzi, kenako anadwala, n'kumwalira. Asilamu anzawo anawaika komweko tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chawo, ndipo kumudzi kunangofika uthenga wa pafoni. Mayiwo anali atangomaliza kumene miyezi imene mkazi wachisilamu amakhala pakhomo akaferedwa mwamuna. Tsiku limene bambowo ankanyamuka, mnzawo anawajambula pa Liwonde ataima pambali pa basi, ndi foni yatsopano ya bambowo. Asanakwere anachotsa khadi m'fonimo n'kuwasiyira akazi awo chifukwa munali nyimbo zimene ankazikonda.

"Ndikufuna mundikulitsire chimenecho," anatero. "Chachikulu, chopachika pakhoma. Uyu sanawaonepo bambo ake. Akamakula azidziwa kuti anali otani."

Ndinalowetsa khadi. Ndisanatsegule n'komwe chithunzicho, ndinaona kukula kwa mafayilo, onse ang'onoang'ono, onse ofanana, ndipo ndinadziwa dzanja limene linadutsapo. Chithunzicho chinali cha munthu wathunthu, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, wovala jekete, chikwama chili pansi, basi ili kumbuyo kwake. Wojambulayo anaima patali kuti basi yonse ikwane. Nditakokera pankhope panatuluka timabokosi. Ndinatiwerenga ndi nsonga ya cholembera. Kuchoka khutu ili kufika khutu ilo tinali khumi ndi kamodzi.

Mayiwo anaimirira kudzasuzumira. "Ndi zimenezotu," anatero. "Kale tikaika khadili mufoni ya achimwene anga tinkachikoka ndi zala mpaka kuona chipsera cha pachibwano. Masiku ano tikakoka chikungochita mabokosi. Ndinati mwina ndi foniyo yakalamba. Ndiye ndinati ndipite kwa achimwene aja a ku Balaka, makina awo ndi achangu."

Ndikanayenera kuwauza pomwepo. Sindinawauze. Ndinati ntchitoyi ndi yofuna nthawi, abwere pakatha masabata awiri. Ndinakopera zonse za pakhadi m'kompyuta, ndipo kanali koyamba chilembereni pulogalamu ija kuti ndisunge kope la chinthu cha munthu. Anandisiyira nambala ya achimwene awo, n'kuthokoza m'Chiyao, n'kupita kukagulitsa mpunga wawo.

Choyamba ndinayesa kufukula chithunzi chakalecho. Fayilo ikangofufutidwa nthawi zina imapezeka, chifukwa imakhala idakali pomwepo, dzina lokha ndi limene lachoka. Koma ine sindinafufute, ndinalembapo pamwamba. Ndipo m'miyezi yonseyo malo amene anatsala anali atadzazidwa ndi nyimbo zina. Ndinafufuza khadilo kuyambira koyambira mpaka kumapeto, kawiri, n'kupeza zidutswa za chithunzi cha mbuzi ndi theka la denga la mzikiti.

Ndiye ndinatembenukira ku masamu anga. Kukulitsa chithunzi ndi ntchito yomweyo ya sefa, kungoti tsopano ukupanga timadontho tambiri kuchokera ku tochepa. Ndinayesa sefa yotakata, nkhope inatuluka yosalala ngati sopo wotha. Ndinayesa sefa yakuthwa, m'mbali mwa mutu munatuluka mizere yoyera ngati munthuyo akuwala. Ndinakulitsa pang'onopang'ono, kenako kamodzin'kamodzi. Ndinabwezeretsa madesimali amene ndinawachotsa aja, ndikuganiza kuti mwina chipsera chabisala m'menemo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti sefa imangosakaniza zimene zilipo, siingabweretse zimene zinatayidwa, komabe ndinkayesa. Pulogalamu yanga inali yachangu kwambiri moti ndinkatha kulephera kambirimbiri tsiku limodzi, nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Sabata yoyamba itatha ndinakwera minibasi kupita ku Liwonde kwa mnzanga wina amene ali ndi intaneti yabwino. Pali mapulogalamu a masiku ano amene sasakaniza chabe, amaganizira okha nkhope n'kuijambula. Tinaikamo timadontho tija. Munatuluka mwamuna wokongola ndithu, maso owala, khungu loyera bwino, chibwano chopanda chipsera. Ndivomere kuti mtima unandiuza kuti basi ndapulumuka. Mayi aja akhoza kungoganiza kuti makina amakongoletsa munthu, ndipo mwanayo sangadziwe kanthu.

Nditabwerera ku Balaka ndinawaonetsa amalume zithunzi ziwirizo, kakang'ono ndi chachikulu. Anavala magalasi awo, n'kuyang'ana ichi, n'kuyang'ana icho.

"Ameneyu ndiye ndani?"

"Ndi yemweyo."

"Iyayi. Uyu mutu wake wapendekera kuno, ngati munthu wamanyazi. Uyu akuyang'ana ngati wa pakalendala. Wachita chiyani, mphwanga?"

Ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza kuti andikumbutsa funso lawo lija, ndipo ndinali nditakonzekera kupsa mtima kuti ndibise manyazi. Sanandikumbutse. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Madzi akatayika saoleka. Koma mwini madziwo ndi wofunika kumuuza, asamangodikira ndi ludzu."

Sindinafune kuwauza mayiwo pasitudiyo, pamaso pa anthu ofuna zithunzi za pafomu. Ndinaimbira achimwene awo n'kufunsa njira. Loweruka ndinakwera minibasi mpaka pa Ntaja, kuchoka apo kabaza wa njinga yamoto, msewu wafumbi, mpaka ndinafika nditatuwa ngati ndachokera kuchigayo. Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi, choti mwina kwa abale a malemuwo kuli chithunzi china chimene mayiwo sanachiganizire.

Ndinawapeza akuanika mpunga pabwalo. Nyumba yawo inali yaing'ono, ya njerwa zosawotcha, chipinda ndi pabalaza. Anadabwa kundiona, n'kundiyalira mphasa pakhonde.

"Mwabweretsa kale?"

Ndinati ayi. Ndinawauza kuti foni ya achimwene awo ilibe mlandu, wolakwa ndine. Tsiku lija anabwera ndi chithunzi cha mng'ono wawo, makina anga anachepetsa zonse zimene zinali pakhadi, ndipo makinawo ndinawakonza ndine kuti azichita choncho, kuti ntchito izifulumira.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye chachikulucho chinapita kuti?"

"Palibe kumene chinapita, mayi. Chinangotha."

"Chinthu chimatha bwanji osapita kwina? Ngakhale mpunga ukapunthidwa, mankhusu ake amapezeka pansi."

Ndinafunsa za zithunzi zina. Chiphaso cha bambowo chinapita nawo ku Joni. Foni yawo palibe amene anadziwa kumene inathera. Pa ukwati wawo panalibe wojambula. Tinayenda limodzi kupita kwa apongozi awo, mudzi woyandikana, koma nawonso anati chithunzi chimene ankachidziwa ndi chomwecho cha pabasi, ndipo ankadikira kuti chikakulitsidwa adzachione. Mayiwo sanawauze apongozi awo chimene ndinachita. Anangoti achimwenewa ndi ojambula, akufufuza.

Ndinkalakalaka atandilalatira. Akanandinyoza ndikanapepukidwa, mwina ndikanayankha mokweza, n'kumapita ndikudziuza kuti nawonso ndi ovuta. M'malo mwake anandiphikira tiyi, n'kundimangira mpunga m'kajumbo kuti ndikawapatse amalume. Pobwerera pakabaza paja ndinalira, wakabazayo n'kumaganiza kuti ndi fumbi.

Tsiku limene tinapangana anabwera ndithu. Ndinali nditasindikiza zithunzi ziwiri zazikulu. Ndinayamba kuwaonetsa cha ku Liwonde chija, n'kuwauza poyera kuti nkhopeyo makina achita kuiganizira. Anachiyang'ana pang'ono chabe.

"Ndi wokongola," anatero. "Koma si wanga."

Ndinachitembenuza n'kutulutsa chinacho, chimene ndinakulitsa ndi sefa yanga popanda kuwonjezerapo kanthu. Ndinali nditachiika m'felemu. Jekete inkaoneka, basi inkaoneka. Pankhope panali chifunga chabulawuni, madontho awiri akuda pamene panali maso, ndi mthunzi pamene panali pakamwa. Anachigwira ndi manja awiri, n'kuchibweretsa pafupi ndi maso, ngati kuyandikira kungathandize. Anasisita chala pachibwano. Amalume anali pampando wawo, maso ali pansi.

Mwana uja anayamba kulira chifukwa cha kutentha kwa m'kachipindamo. Mayiwo anatsamiritsa felemu kukhoma n'kutuluka naye panja kukamutonthoza. Anayenda naye uku akumugwedeza mpaka kutsidya kwa msewu, pamthunzi. Ndinkawaona kudzera pakhomo. Atatembenuka kuti azibwerera, anaima.

"Achimwene," anaitana, "tachinyamulani."

Ndinanyamula felemu ija n'kuima nayo pakhomo. Anabwerera chambuyo mapazi angapo, mpaka anagunda njinga ya munthu. Anaika dzanja pakamwa.

"Ndi iwo," anatero. "Ndi iwo ndithu."

Ndinkadziwa chimene chinkachitika. Munthu ukaima patali diso limasakaniza lokha timadontho, ndipo mtima umadzaza zotsalazo ngati nkhopeyo umaidziwa kale. Zimenezi ndinaziwerengapo m'buku, koma sizinandithandize chilichonse nditaima pamenepo manja ali m'mwamba. Mayiwo anayamba kuyenda mofulumira kubwera kwa ine, maso ali pachithunzi. Atafika pakati pa msewu anachepetsa liwiro. Atafika pakhonde nkhope yawo inagwa, chifukwa bambo aja anali atasungunukanso. Anabwerera kutsidya. Anachita zimenezi katatu, telala ndi makasitomala ake akuyang'ana, ndipo palibe amene anaseka.

Ulendo wachitatu anamutembenuza mwana uja kuti ayang'ane kwa ine, n'kumulozera ndi chala, akumulankhula m'Chiyao. Mwanayo anayang'ana chala cha mayi ake, kenako nkhuku imene inkadutsa.

Atabwera kudzatenga chithunzicho ndinayamba kupepesanso, koma anandidula.

"Nyumba yanga munaiona, achimwene. Pabalaza paja mulibe malo oti munthu n'kuima patali chonchi."

Ndinavomera kuti mulibe.

Anakulunga felemu ija m'chitenje, n'kumanga mfundo bwinobwino, n'kuikhazika pamutu.

"Ndikachipachika moyang'anana ndi chitseko," anatero. "Tikafuna kuwaona, ine ndi mwanayu tizituluka panja."